Anatiimika pakamtsinje n'kunena kuti ndi mathithi

Anawanamiza bambo anga. Munthu wa imvi, amene anaphunzitsa pasukulu ya mishoni mpaka kupuma, kunamizidwa dzuwa likuswa mtengo ngati mwana wa sitandade wani. Ndakhala chete mokwanira. Lero ndilankhula, wokwiya akwiye.

Maso a bambo akutha. Si ng'ala ija amachotsa ayi. Adokotala anati ndi mtsempha wa m'diso, ndipo ukafa wafa. Tikuchoka kuchipatala bambo sanadandaule. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti akaonenso mathithi a m'nkhalango ya ku Ntchisi, kumene ankapita ndi ana asukulu ali mphunzitsi wachinyamata. Ine mwana wawo wamkazi ndinalonjeza kuti mvula ikangosiya tipita.

Tinapita Loweruka lina mu Meyi. Tinanyamuka ku Chezi m'mamawa, minibasi, kenako njinga zamoto, bambo atagwira chipewa ndi dzanja limodzi. M'munsi mwa phiri muli kagulu ka anthu operekeza alendo. Sinditchula dzina, akudzidziwa okha. Ali ndi lamulo lawo: amaperekeza mosinthana, ndipo ukafikitsa mlendo kumathithi nthawi yako yatha, udikire anzako onse adutse. Ife tinagwera bambo wina wa majombo, amene atangotiona nkhope inagwa. Anafunsa kawiri ngati tabweradi kudzakwera phiri kapena tikufuna munthu. Kodi Mmalawi akafika paphiri ndiye kuti wasochera?

Ndinalipira zonse zimene anatchula, osanenerera. Ndinamufotokozera za maso a bambo, ndinati tiziyenda pang'onopang'ono, tsiku lonse ndi lathu. Anati palibe vuto.

Tisanalowe n'komwe m'mitengo ikuluikulu, foni yake inalira. Ndinangomva akufunsa kuti afika nthawi yanji ndipo alipo angati. Kuyambira pamenepo munthu anayamba kuyenda ngati wasiya mphika pamoto. Njira ndi yokwera, mizu ponseponse, dothi loterera. Iye kutsogolo, ife m'mbuyo, ine ndikuwauza bambo kuti pondani apa, kwezani mwendo. Bambo sanatope. Ankaima pang'ono, kugwira khungwa la mtengo, n'kunditchulira dzina lake. Ndinali ndisanawaone akusangalala chonchi chimwalirireni amayi.

Patapita kanthawi tinapatukira kumanzere. Bambo anafunsa ngati njira inasintha, chifukwa iwo akukumbukira kuti umayamba wakwera kwambiri kenako n'kutsetsereka. Woperekezayo anati njira yakale inagumuka. Posakhalitsa anatiimika pakamtsinje, madzi akutsika pamwala wosaposa chitseko cha nyumba. Anati tafika, jambulani msanga.

Ine kumeneko ndinali ndisanafikeko chibadwire. Ndikanadziwa bwanji? Ndinawomba m'manja ngati chitsiru, ndikuti bambo taonani. Bambo anapendeketsa mutu, kumvetsera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa n'kunena kuti, "Zikomo achimwene, mwatithandiza."

Pobwerera sanatchulenso mtengo ngakhale umodzi. Tili pafupi kutuluka m'nkhalango anandigwira mkono n'kulankhula chapansipansi. "Mwanangu, paja si pamenepo. Mathithi aja umawamva m'chifuwa usanawaone, ndipo malaya amanyowa ukadali patali."

Titafika m'munsi tinapeza galimoto yoyera, azungu akudzola mafuta awo a dzuwa, woperekeza wathu atabereka kale chikwama cha mmodzi. Ndinamva ndi makutu angawa akuuza anzake kuti agogo analephera panjira, sitinafike kumathithi, choncho ulendo wathu suwerengedwa ndipo nthawi ikadali yake. Kwa ife anati tafika. Kwa anzake anati sitinafike. Pakamwa pamodzi pomwepo.

Ndinapita kwa wapampando wa gululo, amene anali pabenchi akudya nzimbe. Ndinapempha kuti wina atiperekeze nthawi yomweyo, ndilipiranso, dzuwa likadalipo. Anati sizingatheke, wotsatira pamzere wapita kumaliro, ndipo kudumpha munthu kumabweretsa milandu. Ndinati ndiye tipita tokha. Anati n'zoletsedwa. Ndinafunsa kuti nanga bodza limene tauzidwali si loletsedwa? Anatafuna, kulavula, n'kundiyankha bambo ataima pomwepo.

"Mayi, inu nomwe mwanena kuti agogowa saona bwino. Madzi ndi madzi. Kusiyana kwake n'kotani?"

Ndinalira, ndisaname. Ndinalira ndi mkwiyo pamaso pa anthu onsewo. Bambo ndi amene anandikoka kuti tizipita, tisadzichotsere ulemu. Iwo kudera nkhawa ulemu, pamene anthu angowaponda kumene.

Ndinati tibwereranso mwezi wotsatira. Mu Juni chisanu chinawagwira, chifuwa chinawagoneka. Pamene amadzuka, diso lamanzere linali litazimiratu. Lamanja pano likungosiyanitsa pamene pali khomo ndi pamene pali khoma. Ndawaimbira foni a gulu aja mpaka kutopa. Akuti nkhani yanga ikambidwa pamsonkhano. Msonkhano wake uti? Wokhala ndani? Woweruza ndi wanzimbe yemweyo?

Ndalama yanga sindikuifuna, idyeni. Ndikungofuna wina andiyankhe kuti tsiku lija mundibwezera bwanji. Ndikudziwa kuti palibe amene ayankhe, ndipo Loweruka likubwerali adzakhala pabenchi pomwepo kudikira galimoto yoyera. Inu amene muli ndi kholo lofuna kukaona malo, musachedwe ngati ine, ndipo mutenge munthu amene anafikako kale. Mukapita nokha ndi nkhope ngati yangayi, adzakuonetsani ngalande n'kukuuzani kuti mujambule.

Sabata yatha ndinawauza bambo kuti ndapeza mphunzitsi wina wodziwa njira yeniyeni, tiyesenso. Anasisita mawondo. Kenako anati, "Pita ndi ana ako. Ukabwera udzandiuze ngati akadali mmene ndinawasiyira."

Ndinavomera. Koma miyendo ikukana.