Tinalumika Amayi Magazi Atawathera Kale

Inu owerenga, mantha anatsala pang'ono kundiphetsa amayi anga ondibala. Zinachitika m'zaka za Chitaganya, kwathu kufupi ndi Kachulu.

Amayi anali okalamba koma sankachoka m'munda wa mpunga. Kenaka anayamba kuchita wefuwefu akangoyenda pang'ono, chizungulire osati masewera. Ndinkawapezanso akudya dothi la pachulu mobisa. Miyendo itatupa, mudzi wonse unati ndi mdulo, kuti mkazi wina wosadzisunga wawathirira mchere m'ndiwo. Wophika pakhomopo ndinali ine, ndipo amuna anga anali ku chilumba cha Chisi kopha matemba. Maso onse anali pa ine.

Mlandu ndinalibe, komatu ndinkachita mantha. Amalume atabwera ndi sing'anga sindinatsutse, poopa kuti anganene kuti ndikubisa chigololo. Sing'angayo anawatema mphini amayi n'kuwalumika ndi nyanga kuti magazi oipa atuluke, ine nditawagwira mapewa. Magaziwo anali ngati madzi otsukira nyama. Tsiku lina akuwalumikanso, anakomokera m'manja mwanga, thupi lili zii. Ndinakuwa ngati maliro, ndipo amalume omwewo ndiwo anathamangira lole ya matemba yopita ku boma.

Kuchipatala adokotala anawatsitsa chikope ndi chala, m'kati muli mbee. Anawayang'ana lilime, zikhato ndi zikhadabo. Kenaka anawabaya chala, n'kudontheza magazi pakapepala kuti ayerekeze kufiira kwake, ndipo anapukusa mutu. Atapima chimbudzi anapeza mazira a njoka zam'mimba, zija zimalowera kumapazi munthu akamaponda matope, n'kumamuyamwa magazi mwakachetechete.

Ataona mphini zija ananditembenukira. "Mayi, munthu magazi amuthera kale, inu mukumuchotsanso otsalawo? Mukanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina."

 

Amayi anakhalitsa pamankhwala ndipo anapulumuka, koma khasu sanaligwirenso mpaka kumwalira kwawo. Za mdulo zija palibe anazitchulanso, ndipo palibe anandipepesa.

Abale anga, wokalamba akayera m'maso ndi m'zikhato, akamatopa msanga, musataye nthawi kufufuza wolakwa. Pitani naye akamuyeze magazi, olankhula alankhule. Ine ndinkateteza mbiri yanga, koma amene anaikhetsera magazi ndi amayi.