Tsiku Limene Tinanyamula Galimoto

Amuna anga atamwalira ku Leeds, thupi lawo linapita kumudzi pa ndege, ine n'kutsala. Mapepala anga anali asanatuluke, ndikanapita sindikanabwereranso. Maliro ndinawamvera pa foni. Chaka chonse ndinavala zakuda, ndipo chitatha ndinafuna kuzivula pamaso pa anthu monga timachitira kwathu. Koma nyumba yanga inali kachipinda kamodzi, pamwamba.

Pansi pake panali malo oimikapo magalimoto, aakulu ngati bwalo la mpira. Agogo ena achizungu a khomo loyandikana nane anandiuza kuti kale pamenepo panali nyumba zawo. Zinagwetsedwa mzere wonse kuti padutse msewu, msewuwo osabwera. Iwo ndi anzawo anakakamira a khonsolo mpaka anavomera kuti malowo abwerere kwa anthu. Agogowo anapempha kuti Loweruka loyamba malowo andipatse ine, ndichitirepo mwambo wanga. Lamulo linali limodzi: moto usayake pali galimoto.

M'mawa wa tsikulo tinapeza kagalimoto kofiira kali pakatikati. Kanali ka mdzukulu wa agogo aja, amene anapita kutchuthi makiyi ali m'thumba. Nkhuku zinali kale m'mabeseni, makala m'matumba, alendo ochokera ku Wakefield atatsika kale sitima.

"Kaima pakhitchini panga," anatero agogo, akugogoda phula ndi ndodo. "Sinki inali apa. Kachotseni."

Alamu anga, ang'ono awo a malemu, anavula jekete n'kuitana azibambo a kutchalitchi.

"Achimwene, inu gwirani kutsogolo, mimbayo ithandizeko," anauza bambo wina wonenepa.

"Kutsogolo kuli injini. Ine ndimadwala BP."

"Nkhuku ikapsa BP imeneyo muikumbukire."

Anazungulira, anakoka, kanakana. Mkulu wa mpingo anati pakufunika nyimbo kuti mphamvu zipite pamodzi, ndipo imene inawabwerera pakamwa inali yonyamulira bokosi. Ndipo kagalimoto kanadzuka. Anayenda nako pang'onopang'ono, masuti akuda mbali zonse, nkhope zili gwa. Amayi anangopezeka afola pambuyo akupolokozera. Agogo anali patsogolo ndi ndodo yawo, kulozera njira.

Ine ndinayamba kuseka. Ndinatseka pakamwa ndi chitenje koma mapewa ankagwedezeka. Mayi wina wa m'kwaya anandikumbatira.

"Limbani mtima, mayi, Mulungu alipo."

Ataona mano anga anandimenya kakhofi pamsana, nayenso n'kuphulika. Ndinakhala pansi pa phula lozizira lija, nthiti zikupweteka. Misozi inatuluka ndithu. Bokosi la amuna anga sindinalione likunyamulidwa. Chimene ndinaona ndi kanthu kofiira ako, matayala ali lende, ndi alamu anga akutuluka thukuta ngati atate awo akuwaona.

Atakatula m'mbali mwa msewu, alamu ya galimotoyo inayamba kulira.

"Namfedwa uyo wafika," anatero bambo wa BP uja, atagwira m'chiuno.

Nyimbo inathera pomwepo. Ngakhale mkulu wa mpingo anatsamira khoma akuseka.

Moto unayaka. Titapemphera, akazi a alamu anga anandiimika pakati pa anthu, namasula duku lakuda. Mphepo ya ku Leeds inandilowa m'mutu ngati madzi a m'friji.

"Mulamu, imani bwino, mfundoyi ndimange bwanji mukugwedezeka?"

Ndinayesetsa, koma kagalimoto kanali kakulirabe. Duku lobiriwira anandimanga lokhota, ndipo ndinavina nalo choncho mpaka mvula inayamba.