Dzina la Pachinsalu

Amayi oyandikana nyumba ndi a Bong-sik ndi namwino wopuma pantchito. Mudzi wonse umawaitana kuti amake Tae-ho. Akamalonjera munthu amamugwira pamkono n'kunena kuti, "Magazi akuthamanga, chepetsani kimchi, kabichi wamchere uja." Lachiwiri lililonse amakwera basi ya kumzinda wa Daegu, ndipo anthu amanong'onezana kuti akudwala.

Kuno munthu akachita zazikulu timamupachikira chinsalu chomuyamikira pamsewu. A Bong-sik atamva kuti m'nyumbamo mwalowa digiri yapamwamba, ija munthu amatchedwa nayo dokotala, anathamangira kukalembetsa dzina la Tae-ho pachinsalu n'kuchipachika.

Amayiwo anawapeza ali pamakwerero.

"Tsitsani icho, nkhalamba inu! Digiriyo ndi ya unamwino. Tae-ho amakomoka akaona jakisoni."

"Nanga ndi ya ndani?"

"Yanga! Yoyamba ndinaitenga tsitsi lili bii, yachiwiri imvi zitayamba. Mumayesa ku Daegu ndimakafa? Ndimakaphunzira!"

A Bong-sik anagwiritsa makwerero.

"Mawa ndipeze dzina langa pamenepo," anatero amayiwo.

A Bong-sik anatsika pamakwerero. Zaka zonsezi mpanda umodzi, dzinalo sankalidziwa. Anazungulira mudzi wonse akufunsa monong'ona, koma wolidziwa sanapezeke.