Nsapato Zosiyana za a Kalipentala

A Kalipentala a kumapeto kwa msewu wathu amavala nsapato zosiyana, yakumanja yaikulu kuposa inzake, ndipo sachita nazo manyazi. Phazi lakumanjalo silidzuka lokha. Adokotala anawauza kuti vuto lili kumsana, komwe mtsempha unapanikizika. Opaleshoni inathetsa ululu koma phazi silinabwerere, moti m'mawa uliwonse amalimbitsa mwendowo atagwirira benchi.

Poyamba ankayenda mokweza bondo ngati akulumpha ngalande, phazi n'kumagwa pansi kuti phwa. Chipulasitiki chogwiriziza phazi, chimene anawapatsa kuchipatala, anachikoleka pamsomali pamodzi ndi masowo.

"Tebulo loikira kamtengo kunsi ndi manyazi a mmisiri," ankatero.

Tsiku lina atanyamula mdzukulu wawo wakhanda, chala chakuphazi chinakola pakhomo. Anadzandira n'kugwira chitseko, mwana osagwa. Mpongozi wawo, mayi wa khandalo, sanawadzudzule. Anangolandira mwanayo mwaulemu, koma kuyambira pamenepo ankati, "Khalani kaye pansi, bambo, ndikupatseni."

Mawu ofatsawo anawapweteka kuposa msana. Munthu amene anakhoma yekha denga la nyumbayo tsopano ankayamba wakhala pansi kuti amupatse khanda.

M'mawa wina anatsitsa chipulasitiki chija, nachipukuta utuchi, nachimanga kumwendo. M'nsapato yawo sichinalowe, choncho anabwereka yokulirapo ya mwana wawo. Anayenda kuchoka kukhomo mpaka pawindo, phazi osakola, kenako anatembenukira mpongoziyo atatambasula manja.

"Mayi a mwana, ndipatseni ndili chiimire."