Duwa Lochititsa Dzanzi la ku Ras Al Khor

Ndinanyamuka ku Bur Dubai Lamlungu m'mawa, mufoni muli chithunzi cha chomera ndi nambala ya bambo amene ndinali ndisanamuonepo.

Ndimasamalira mayi wina wokalamba wa ku Madagascar, amene amakhala ndi mwana wawo wamkazi m'kafulati. Tonse timangowatchula kuti Mama. Chidwalire sitiroko, chakudya chinasiya kuwakomera. Ankangolawa n'kukankha mbale, thupi likutha ife tikuona. Chimene ankatchula chinali chimodzi basi: mafana, ndiwo zamasamba zakwawo. Mwana wawoyo anamva kuti ku Ras Al Khor kuli bambo wina, a Rivo, amene amadzala masambawo, ndipo poti mwanayo anali kuntchito, anatuma ine.

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Aliyense wofika kuno amachenjezedwa tsiku loyamba kuti asanyamule phukusi la munthu, asagwire masamba amene sakuwadziwa. Ine ndili ndi ana awiri ku Dedza, ndipo sukulu yawo yatsamira pa viza yangayi.

Pasiteshoni ya Al Ghubaiba ndinagunditsa khadi m'basi, inadula madiramu asanu. Ndinakhala kutsogolo, mbali ya azimayi, moyandikana ndi mayi wina amene ankayankhula pafoni Chinyanja cha ku Lusaka. Atadula foni tinapatsana moni, n'kundiuza kuti amaluka tsitsi musaluni. Nditamuonetsa chithunzi chija anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ba sister, mwayenda mweka? Kuno sibaseka na vamasamba. Akakuuzani ati lowani mukati, mukane."

Anatsika panjira, n'kundisiya ndi mantha oposa amene ndinakwera nawo.

Ndinafika dzuwa litakwera kale. Ku Ras Al Khor n'kwa magalaja, milu ya matayala ndi fungo la oyilo. Ndinadzifunsa kuti ndiwo zingamere pati kumalo kotere. A Rivo ndinawapeza pageti la galaja ina, bambo wochepa thupi, wovala ovololo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osamwetulira, kenako anati ndiwatsatire kuseri. Ndinajambula getilo, kutumiza chithunzi kwa mwana wa Mama, n'kuyamba kuyankhula Chichewa mokweza pafoni imene sinali kuyimba kwina kulikonse. Ndinalowa foni ili kukhutu.

Kuseriko kunali neti yamthunzi, pansi pake zigubu zodula pakati zitandandalikidwa. M'zigubumo munali chomera chachifupi, choyanga ngati kholowa, masamba obiriwira moderako. Maluwa ake anali ngati mabatani achikasu, ofiira pansonga. Nditafikisa tsamba m'manja, fungo linandikumbutsa chisoso.

A Rivo anathyola duwa limodzi n'kundipatsa kuti ndilawe. Ndinawauza kuti ayambe iwo. Anatafuna awiri akundiyang'ana m'maso, ndipo ine ndinaluma kachidutswa. Poyamba sindinamve kanthu. Kenako lilime linayamba kunyerenyesa, milomo inachita dzanzi, malovu n'kudzaza m'kamwa. Mumtima ndinati khalas, zanga zatha, andidyetsa mankhwala. Ndinafuna kukuwa koma lilime linkalemera. Ndinagwira chikwama mwamphamvu, maso ali pageti.

Apo m'pamene bamboyo anaseka koyamba. Anandipatsa botolo la madzi losatsegula, n'kunena kuti kwawo kukoma kwake n'komweko, ndipo masamba akaphikidwa ukali umachepa. Dzanzi lija linatha lokha ndisanamalize madziwo.

Anandionetsa kadzalidwe kake. Umadula kanthambi, kukaviika m'madzi mpaka katatulutsa mizu, n'kukawokera m'dothi losakaniza ndi manyowa. Sichifuna kuuma ngakhale tsiku limodzi, choncho iwo amatchera madzi odontha ku eyakoni, makina oziziritsa muofesi. Dzuwa la kuno limachipsereza, chimafuna mthunzi. Ukamatsina nsonga chimaphuka nthambi zambiri, ndipo ukachisamala sichifa chaka chikatha. Anandipatsa chigubu chaching'ono chokhala ndi mitsitsi kale, komanso mtolo wa masamba. Atafuna kuziika mujumbo yakuda ndinakana, ndinati ndinyamula poyera kuti aliyense aziona.

Tili pageti anandiuza chimene chinawalimbitsa nkhope. Atandiona ndikujambula ndi kuyankhula pafoni, anaganiza kuti ndatumidwa kudzawaneneza kuti dimbalo lichotsedwe. Usiku wathawo, atamva kuti kubwera mlendo, anali atabisa zigubu zina pansi pa galimoto yakufa.

Pobwerera ndinakwera takisi chifukwa masamba akanafota podikira basi. Dalaivala, mkulu wina wa ku Pakisitani, ankangoyang'ana chigubucho pagalasi, ine n'kuchikokera pafupi. Tikuyandikira ku Bur Dubai m'pamene anafunsa ngati ndikudwala dzino. Anati kwawo amatafuna duwa lomwelo dzino likamawawa, ndipo anapempha limodzi.

Mama ndinawapeza pampando wawo wapawindo. Ananunkhiza masambawo, kutola duwa n'kuliika m'kamwa, maso atatseka. Malovu anatsika mbali yofooka ndi sitiroko ija, ine n'kuwapukuta. Kenako anandilamula kuti ndiphike ndi nyama ndi jinja, lero lomwe, ndipo ndisachulutse tomato. Madzulowo anadya theka la mbale ya mpunga, n'kudandaula kuti mchere wachepa.

Chigubucho chili pakhonde, pamthunzi. Maphukusi a anthu sindinyamulabe, ndipo sindidzayamba. Koma kuchokera tsiku limenelo, ndikakumana ndi munthu wolimba nkhope mumzinda uno, ndimayamba ndadzifunsa kuti kaya iyeyo akuona chiyani pankhope yanga.