Mpatuliro umene unathamangitsa anthu a ku Chiromo

Inu owerenga, ine ndine mphunzitsi wamkazi pa sekondale ina kufupi ndi Bangula, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinathamangitsira midzi itatu dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Sindinakuwe, sindinalize belu. Ndinangodina batani pa laputopu yanga, ndipo m'mawa mwake amayi anali pamsewu, ana kumbuyo, mitolo pamutu. Cholakwacho chinali changa ndekha, ngakhale kuti poyamba anachisenza ndi munthu wina.

Ndiyambe ndakufotokozerani ntchito yake. Pali chiyankhulo china cholembera mapulogalamu a pakompyuta chimene tinapanga ife aphunzitsi ndi anzathu ena ongodzipereka, kuti ana athu aziphunzira kulamula kompyuta ndi mawu akwathu. Mwana amalemba kuti "bwereza" kapena "werenga", kompyuta n'kuchita zomwezo. Komatu kompyuta payokha siimva mawu amenewa. Pakati pamakhala pulogalamu yomasulira, monga muja zimakhalira kutchalitchi kuno, mlaliki akulankhula Chichewa wina n'kumatembenuzira m'Chisena. Wotembenuzayo akapotoza, mpingo wonse umamva zopotoka. Pulogalamu yomasulirayi ndi yaulere. Aliyense angathe kuitenga pa intaneti, kuona zam'kati mwake, ngakhale kuthandiza kuikonza.

Pakapita miyezi ingapo timatulutsa mtundu watsopano wa pulogalamuyi. Kwa zaka zambiri ntchito yotulutsayo inali m'manja mwa achimwene a Dausi, amene amakhala ku Zomba ndipo ndiwo anayambitsa zonsezi. Ataona kuti ndathandiza mokhulupirika zaka zinayi, anandisiyira udindowo. Ndinanyadira kwabasi. Anthu akumtunda amangotidziwa ife a kuchigwa ndi kutentha ndi madzi osefukira, ndiye apa mwana wa ku Nsanje ndi amene azinena kuti pulogalamu yapsa, itengeni.

A Dausi anandiphunzitsa ndondomeko yake bwinobwino. Choyamba umasonkhanitsa zonse zimene anthu akonza, n'kuyendetsa mayeso. Mayesowo ndi timapulogalamu ting'onoting'ono tambirimbiri toona ngati yomasulirayo ikuchitabe zimene inkachita kale, ndipo kamodzi kokha kakalephera sutulutsa. Kenaka umapereka mtundu woyeserera kwa anthu ochepa, augwiritse ntchito masabata awiri. Pomaliza munthu wachiwiri amaunikanso zonse asanavomere. Kawiri konse ndinatsata zimenezi ndipo zinayenda bwino. Kachitatu m'pamene ndinadziona ngati ndakula.

M'mtundu wachitatuwo munali kusintha kumene ndinalemba ndekha. Ana anga a Fomu 3 ankavutika akalemba nambala yaikulu monga 1,000, chifukwa pulogalamu inkasokonezeka ndi mpatuliro, kachizindikiro kaja kokhala ngati kadontho ka mchira. Ndinaikonza kuti ikapeza mpatuliro m'nambala izingouchotsa n'kuwerenga zotsalazo. Nditayendetsa mayeso, onse anakhoza kupatula kamodzi. Pamwamba pa kolepherako panali mawu a a Dausi akuti, "Osachotsa. Funsani kaye."

Sindinafunse. A Dausi anali kumudzi pa maliro a mayi awo, ndipo ndinadziuza kuti si bwino kuvutitsa anamfedwa. Koma chilungamo chake, inu owerenga, n'chakuti Lachinayi la sabata imeneyo kunali msonkhano wa aphunzitsi a makompyuta ku Blantyre, ndipo anandipatsa mpata wolankhula. Ndinkafuna kukaima kutsogolo n'kunena kuti mtundu watsopano watuluka dzulo, ndautulutsa ndine. Ndinachotsa kayeso kaja ndi manja angawa. Masabata awiri oyeserera ndinawadumpha. Munthu wachiwiri sindinamudikire. Lachitatu masana ndinadina batani, mtundu watsopano n'kupita pa intaneti, ine n'kukwera minibasi.

Chimene ndinkachidziwa pang'ono chabe, osachilabadira, n'chakuti chiyankhulo chathu sichinathere m'kalasi. Ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, kuli komiti ya m'mudzi yochenjeza anthu za madzi osefukira. A Dausi anawalembera kapulogalamu kake m'chiyankhulo chathuchi. M'mawa uliwonse bambo Zuze, mkulu amene kale ankagwira ntchito ya njanji, amapita kumtsinje kukawerenga pamene madzi afika pa chitsulo choyezera, n'kutumiza nambalayo pafoni. Kompyuta ya komiti imailandira, ndipo ikaona kuti madzi adutsa muyezo woopsa imatumiza uthenga m'mafoni a anthu kuti athawire kumtunda. Kompyuta imeneyo inaikidwa kuti izidzitengera yokha mtundu watsopano ukangotuluka.

Bambo Zuze anaphunzira sukulu kutsidya, ku Mozambique, kumene mamita anayi ndi kachidutswa salemba ndi kadontho koma ndi mpatuliro. Lachinayi m'mawa analemba 4,2 monga amalembera masiku onse. Pulogalamu yanga yatsopano inachotsa mpatulirowo n'kuwerenga mamita 42.

Nthawi imene ine ankandiombera m'manja ku Blantyre, anthu a ku Chiromo anali akumasula mbuzi. Musawaseke. Amenewa ndi anthu amene anaonapo madzi akubwera kuchokera ku mapiri a Mulanje kuno kulibe ndi dontho lomwe la mvula, ndipo ambiri a iwo anaikapo abale chifukwa chochedwa. Anathawa ndithu. Mayi wina amene anali ndi khanda la masiku atatu anayenda pansi padzuwa limenelo. Mayi Fanita, amene amagulitsa nsomba zouma, anagwa pa ngolo ng'ombe zitadzidzimuka, n'kuthyoka mkono. Anthu anakhala kumtunda mpaka chakumadzulo, madzi osaoneka.

Ndinatsika minibasi pa Bangula Lachisanu, nkhani ili m'kamwa mwa aliyense. Ankati a Zuze anapita kumtsinje ataledzera. Ena ankati ukalamba wawalowa m'maso. A komiti anali atawalanda kale foni. Mphunzitsi mnzanga anandionetsa uthenga umene unafika m'foni mwake akuseka, ndipo ndinaona 42 uja. Ndinadziwa pompo chimene chachitika, ndipo m'chigwa monse munalibenso wina amene akanadziwa.

Apa m'pamene pali manyazi anga enieni. Ndinakhala chete masiku awiri. Mtima unkandiuza kuti ndikonze mwakachetechete, nditulutse mtundu wina, nkhani izizirala yokha. Ndani akanafufuza? Mkulu wosadziwa ndi kuyatsa komwe laputopu akanadziteteza bwanji?

Lamulungu ndikuchokera kutchalitchi ndinawaona a Zuze pamsika akukankha njinga yawo. Anyamata a kabaza ankawakuwiza ndi nambala ija ya 42 m'Chingerezi kuti, "Fotethu! Fotethu!" Iwo sanatembenuke. Anangoyenda choongoka, malaya oyera opisira, nkhope ili pansi. Mkulu wa msinkhu wa bambo anga. Nditafika kunyumba ndinawaimbira a Dausi n'kuwauza zonse, ndi za kayeso kamene ndinachotsa zomwe.

A Dausi anati, "Achemwali, pulogalamuyo tikonza lero lomwe, si nkhani. Koma dzina la a Zuze ine sindingalikonze kuchokera ku Zomba kuno."

Tsiku lomwelo tinauchotsa pa intaneti mtundu wolakwikawo n'kubwezera wakale pa kompyuta ya komiti. Kayeso kaja ndinakabwezeretsa, ndipo tinakonza kuti pulogalamu ikapeza mpatuliro umene sikuumvetsa izikana n'kufunsa, osati kuganizira yokha. Pa chikalata chofotokoza zosintha, chimene chimawerengedwa ndi aliyense wotenga pulogalamuyi, ndinalemba pamwamba penipeni kuti mtundu wapitawo unali ndi vuto, vutolo linavulaza anthu, ndipo linabwera chifukwa ine wotulutsa ndinachotsa mayeso ndi kudumpha ndondomeko. A Dausi anati mawuwo tingawafewetse pang'ono. Ndinakana.

Lachiwiri ndinapempha chilolezo kwa ahedi, ndinakwera kabaza, n'kuwoloka pa bwato kupita ku Chiromo. A komiti anaitanitsa anthu pabwalo la tchalitchi. Ndinanyamula choko ndi kabolodi kakang'ono. Ndinaima n'kulemba 4,2 pamwamba, 42 pansi. Ndinawauza kuti yapamwambayo ndi imene analemba a Zuze ndipo inali yolondola, yapansiyo ndi imene inapangidwa ndi dzanja langa chifukwa chofuna kutamandidwa ku Blantyre. Ndinalankhula m'Chisena kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Kunali kung'ung'udza, ena anandinena mawu amene sindingawalembe pano, ndipo ndinawalandira.

Mayi Fanita anaimirira, mkono uli mu pulasitala. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye mawa foni ikalira, tithawe kapena tikhale?"

Funso limenelo linandilasa kuposa mawu onse achipongwe aja. M'pamene ndinazindikira kukula kwa chimene ndinaononga. Ndinawayankha kuti athawe, ndipo ndinalonjeza pamaso pa onse kuti palibe mtundu watsopano umene udzafike pa kompyuta yawo usanayesedwe ndi manambala a bambo Zuze enieniwo. Wapampando wa komiti anatulutsa foni ija m'thumba n'kuipereka kwa mwini wake ndi manja awiri.

Pondiperekeza kudooko, a Zuze anati, "Mwachita pyadidi kubwera, mwananga. Mtsinje uwu ndauwerenga zaka zambiri. Ndinayamba kudzikayikira ndekha kuti kapena maso athadi." Mawu amenewo anandiliza m'bwato monse.

Ndinkayembekezera kuti anzanga andichotsa pa udindo, ndipo ndinawauza kuti akatero sindidandaula. Sanandichotse. Mnzathu wina wa ku Mzuzu analemba kuti wotulutsa amene wapsapo ndi amene amaopa moto. Kuchokera nthawi imeneyo ndatulutsa mitundu isanu ndi umodzi, yonse mwa ndondomeko, ndipo palibe umene tinaubwezapo. Tinakhazikitsanso kuti kayeso sikangachotsedwe popanda anthu awiri kuvomereza. Mtundu woyeserera ukatuluka, a Zuze amatumiza manambala awo kwa masabata awiri, mipatuliro yawo ili momwemo, ndipo dzina lawo limalembedwa pa mndandanda wa othandiza pamodzi ndi anthu a madigiri. Zimenezi ndimazinyadira kuposa m'manja muja anandiombera ku Blantyre.

Dzinja lotsatira Ruo anadzazadi. A Zuze anawerenga m'mawa, uthenga unapita, ndipo unali woona. Ambiri anathawa nthawi yomweyo, mayi Fanita ali patsogolo. Koma mabanja ena anazengereza, akuti mwina ndi za aphunzitsi zija, mpaka a Zuze anachita kuzungulira pa njinga akukuwa khomo ndi khomo. M'midzi itatuyo simunachitike maliro, tithokoze Mulungu. Koma ochedwawo anataya mbuzi, mbewu ndi zofunda, ndipo ine ndimadziwa amene anawaphunzitsa kukayikira.

Tsono inu owerenga, makamaka inu achinyamata amene mwayamba ntchito za makompyuta, mverani mnzanu amene zinamuonekera. Chimene mukutulutsa simudziwa kumene chikafike. Inu mumaona ngati mukukonzera ana a m'kalasi mwanu, pamene kwina kuli munthu amene waikapo moyo wa banja lake. Mukapeza chenjezo limene anasiya amene anakutsogolerani, funsani, ngakhale kufunsako kukuchedwetseni sabata yathunthu. Msonkhano umatha, m'manja mumaleka kulira, koma mkono wa mayi Fanita mpaka lero sutambasuka bwino, ndipo dengu la nsomba amachita kuwasenzetsa. Ndipo zikakuvutani monga zinandivutira ine, musalole kuti wosalakwa akusenzereni, ngakhale kwa tsiku limodzi. Ine ndinalola masiku awiri. A Zuze anandikhululukira ndi mtima wonse, koma masiku awiri amenewo anawayenda okha pamsika pa Bangula, ndipo palibe mtundu watsopano umene ndingatulutse woti uwabwezere.