Chipsera cha Anganga pa Sitima ya ku Balaka

Ndikakumbukira anganga, mayi a amayi anga, ndimamva fungo la mafuta otentha ndi utsi wa nkhuni zaziwisi pa siteshoni ya Nayuchi, pamene ankakazinga zitumbuwa uku akuthamangitsa ntchentche ndi nsonga ya mpango. Dzina lawo linali Abiti Saidi, koma anthu ankangoti mayi a chipsera, chifukwa ali mtsikana chiwaya chinawagudubukira, mafuta n'kuwawotcha kuyambira pakhutu lakumanzere mpaka pakamwa. Khungu la pamenepo linali lotuwa, lonyezimira ngati mimba ya chambo, ndipo iwo sankalibisa.

"Nkhope yanga ndi iyi, wofuna ina akagule," ankatero.

Ndili ndi zaka khumi, amalume Yusufu, mwana wawo womaliza yemwe anali mphunzitsi, anayankhula mawu ena m'tiyirumu okhudza makhadi a chipani, ndipo sabata isanathe anasowa. Anthu achilendo anabwera kwathu kawiri kudzafunsa. Patapita mwezi, wogulitsa nsomba wina ananong'oneza anganga kuti amalume abisala kwa telala wina ku Balaka, ndipo Loweruka achoka m'dziko muno.

Anganga anati apita akamuone mwana wawo. Amayi analira: "Mukawalondolera njira anthu aja! Ndani sakudziwani panjanji yonseyi?"

M'mawa wa Lachisanu, atatha kuswali, pemphero lawo lachisilamu, anganga anandiitanira kuseri kwa nyumba. M'kambale anali atasakaniza paudala wogula kusitolo, ufa wa njerwa yowotcha, mwaye wa padenga la khitchini ndi mafuta odzola pang'ono. Maso awo anali atayamba kufooka, choncho ntchito inagwera ine.

"Paka pang'onopang'ono, Asiyatu, ngati ukuzira pansi," anatero.

Aka kanali koyamba kukhudza chipseracho. Chinali choterera, chokana utoto, ndipo ndinabwereza katatu mpaka tsaya linafanana ndi linzake. Anatenga ine kuti tioneke ngati gogo wopita ndi mdzukulu kuchipatala.

M'sitima munali modzaza, mukununkha usipa, fodya ndi thukuta, ndipo dzuwa la Okutobala linkalowa pazenera lathu lenilenilo. Tisanafike ku Liwonde ndinaona kadontho ka thukuta kakutsika kuchokera mumpango, kakusiya kanjira koyera patsaya. Kenaka kena. Ndinafuna kuwauza, koma kumapeto kwa bogi kunali kutalowa anyamata awiri oona makhadi a chipani, ndipo mmodzi ndinamuzindikira: anali mwa anthu aja anabwera kwathu.

Moyang'anana nafe munakhala mayi wina wachilendo, akuyamwitsa. Anayang'ana tsaya la anganga, nayang'ana ine, nayang'ananso anyamatawo. Mwadzidzidzi anachotsa mwana kubere.

"Agogo, tandigwirirani mdzukulu wanuyu, msana wandipweteka."

Anamukhazika paphewa lakumanzere la anganga, kamutu kake katatsamira patsaya pomwepo, n'kuponyapo chitenje ngati akumutchinga dzuwa. Mwanayo anayamba kulira.

"Khadi, mayi."

Anganga anapereka ndi dzanja limodzi, nkhope ataiweramitsira pa mwana. Mnyamatayo analitembenuza khadilo, n'kuima nthawi yaitali kwambiri.

"Mukupita kuti?"

"Kuchipatala, bambo, simukumumva mwanayu?" anayankha mayi uja mokalipa.

Mnyamatayo anabweza khadi n'kupitirira. Mayiyo anatsikira pa Nkaya, mwana wake ali ndi dothi lofiira m'tsitsi, osatifunsa kanthu.

Ku Balaka tinawapeza amalume m'kachipinda kosungiramo nsalu, ataonda, ndevu zili nyankhalala. Ataona nkhope ya anganga yamawangamawanga anaseka, kenaka kusekako kunasanduka kulira. Ananyowetsa kansalu m'kapu ya madzi nayamba kuwapukuta.

"Iyayi, Yusufu, tibwerera bwanji?" anatero anganga.

"Asiyatu akupakaninso. Ndikufuna ndipite nditaona amayi anga enieni."

Anakhala moyang'anana mwina theka la ola, akuyankhula Chiyao motsitsa mawu. Kenaka ndinawapakanso ndi zotsala zomwe tinamanga m'kapepala, misozi yawo ikundionongera ntchito.

Amalume anabwerera kumudzi patatha zaka zambiri, zinthu zitasintha, anganga atagona kale kumanda. Chinthu choyamba chomwe anandifunsa n'chakuti tinayenda bwanji pobwerera tsiku lija. Anakhala zaka zonsezo osadziwa ngati tinafika.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, komabe munthu wa yunifolomu akalowa m'basi, ngakhale wongoona matikiti, manja anga amazizira. Ndikatero ndimayang'ana anthu okhala nawo pafupi mmodzimmodzi, kufuna kuona ngati pali wina amene akuchita mantha kuposa ine, kuti ndisendere kufupi naye.